Funsani Achemwali: Zoti bowling ingadzadzitse thumba la bungwe nzoona?

Achemwali, ine ndili mu komiti ya kabungwe kathu ka Amalawi kuno ku South Bend, Indiana. Timathandizana pa maliro, kulandira obwera kumene, komanso pali ana angapo kumudzi omwe timawalipirira fizi. Vuto nloti thumba lauma. Dinner dance yomwe timapanga chaka ndi chaka anthu anatopa nayo, holo ndi DJ zimadya ndalama yonse, ife a komiti nkumatsala tikukwecha mapoto mpaka usiku. Mnzanga wa kuntchito akuti tiyese bowling poti mabungwe akuno amapanga kwambiri, koma nditakanena ku miting'i azibambo anandiseka, akuti amenewo ndi masewera a ana ndi azungu, ndalama ingabwere bwanji pogubuduza mpira. Chimene chikundiwawa kwambiri nchoti sitikudziwananso, timangoonana pa maliro basi, pa gulupu ya WhatsApp nde ndi kulalatirana kokhakokha. Kodi bowling yo ingathandizedi kapena ndikungodzivuta?
NaPhiri, South Bend

Mayi NaPhiri, azibambo akusekaniwo penapake akunena zoona. Mukangokabwereka malo nkumagulitsa matikiti pakhomo mmene mumachitira dinner dance, mudzabwerako ndi ndalama yoti olo tikiti ya ndege ya munthu mmodzi yopita ku Chileka siyingakwane. Tiyeni tiwerengere limodzi, manambalawa ndongoyerekeza, mitengo yeniyeni mukaimva kwa eni malo. Mwabwereka maleni 10, tinjira togubuduzamo mpira kuti ukagwetse timitengo totchedwa mapini, pa leni iliyonse anthu 5, onse pamodzi 50. Tikiti mwaika $25, zakwana $1,250. Eni malo atengapo $15 pa munthu ya masewera, nsapato ndi ka pizza, $750 yapita. Mwatsala ndi $500, mutatha mwezi wathunthu mukuimbirana mafoni. Pamenepo azibambo aja akusekaninso ndipo ine sindingakuikireni kumbuyo.

Ndalama ya bowling imalowa masabata anayi kapena asanu tsikulo lisanafike. Mukukumbuka big walk kwathu, ana a kwaya akuzungulira m'maofesi ndi fomu, aliyense alembepo dzina ndi kangachepe kake? Tsiku loyendalo palibe amene ankalipira kuti akuoneni mukutuluka thukuta mu Masauko Chipembere Highway, ndalama inali italowa kale pa fomu paja. Bowling ya mabungwe a ku America imayenda chimodzimodzi. Amene anaitchukitsa kwambiri ndi a Big Brothers Big Sisters, bungwe lomwe linayamba mu 1904 ku New York pomwe kalaliki wa khoti, Ernest Coulter, ataona anyamata ang'onoang'ono akungobwerabwera kukhoti anayamba kufunafuna akuluakulu oti aliyense atenge mnyamata mmodzi azimuwongolera. Mpaka lero ntchito yawo ndi yomweyo, kulumikiza mwana ndi munthu wamkulu woti azicheza naye, ndipo chaka chilichonse nthambi zawo zambiri ku America ndi ku Canada zimapanga chomwe amati Bowl for Kids' Sake. Anthu amapanga matimu, ambiri amakhala a kuntchito kumodzi, aliyense nkupempha ndalama kwa abale ndi anzake, kenako tsiku la bowling limangokhala phwando lothokoza, masewera, pizza, matisheti, basi. A Junior Achievement, bungwe lophunzitsa ana za bizinesi, nawonso amapanga yawo.

Nde tibwererenso ku masamu aja. Anthu 50 omwe aja, aliyense alipire yekha tikiti yake ya masewera, koma pamwamba pake abweretse $100 yomwe wapempha kwa ena, mwaona kuti tikukamba za $5,000 tsopano? Ndipo $100 ndi anthu 5 opereka $20 basi. Chomwe ndimaikondera njira imeneyi nchoti ndalamayo ikuchokera kunja kwa gulu lanu. Kuganiza bwino, pa chipepeso, pa bridal shower, pa dinner dance, pa zatchalitchi, mumangokama mabanja omweomwewo mpaka ena anayamba kuthawa mafoni a komiti. Koma mnzanu wa pa shifiti, supavaiza wanu, neba wanu, amenewo mwambo uwu amaudziwa kale, anakula akuuona, simuvutika nkufotokoza. Mukangoti ndikukasewera bowling kuti tipeze fizi ya ana kwathu, amapisa m'thumba, ena amafunsa ngati pa timu pali malo.

Ntchito yanu yeniyeni ngati komiti ndi kupeza makaputeni 10 odalirika, osati kulemba chimeseji chachitali pa gulupu nkumadikira. Kaputeni aliyense apeze anthu ake 4, aziwakumbutsa yekha. Kenako muyendere mabizinesi omwe amadya ndalama zanu tsiku ndi tsiku, golosale ya zakudya za ku Africa, makaniko, wolemba za misonkho, kampani zosamalira okalamba zomwe ambiri mwa inu mumagwirako, muwauze kuti leni imodzi ikhale m'dzina lawo pa mtengo woti mugwirizane, inu muika chikwangwani chawo pamwamba pa leniyo. Maleni onse akapeza eni ake ndiye kuti ndalama yobwerekera malo yabwerera kale mpira usanagubuduzidwe.

Pokambirana ndi eni malo musapemphe Lachisanu kapena Loweruka usiku, ndi nthawi yomwe amapanga ndalama ndipo sangakutsitsireni. Pemphani Loweruka kapena Lamulungu masana, anthu ataweruka kutchalitchi. Malo ambiri ma league awo, mipikisano ya matimu okumana sabata ndi sabata, amayamba cha mu September nkutha cha mu April, nde miyezi yotentha maleni amangokhala, mtengo amakambirana bwino. Zakudya zochokera kunja ambiri amakana chifukwa phindu lawo lalikulu lili pa zakudya ndi zakumwa, koma funsanibe ngati angalole tebulo limodzi la mandasi ndi samusa, ena amalola mukawalonjeza kuti zakumwa mugula pomwepo. Ingofunsani, musakalowetse mobisa m'zikwama amayi inu, ndikukudziwani.

Za malamulo pang'ono, poti kumeneko sikuli kwathu. Ngati bungwe lanu lilibe 501(c)(3), chivomerezo cha boma choti ndi lachifundo, musauze anthu kuti zomwe apereka adzachotsera pa msonkho, limenelo ndi bodza loti likhoza kukubwererani. Olo mutakhala nayo, munthu amachotsera ndalama yokhayo yomwe yaposa mtengo wa zomwe walandira, masewera ndi pizza ija sizilowa, ndipo wopereka $250 kapena kuposa pa kamodzi amafunika kalata yochokera kwa inu. Dziwaninso kuti thumba longothandizana mamembala okhaokha pa maliro a IRS, otolera misonkho, saliona mofanana ndi thumba lothandiza ana osauka, nde musasakanize ziwirizi pa fomu, nenani chimodzi chomwe ndalama ya tsikulo ikupita. Raffle nayo ku Indiana imawerengedwa ngati juga ya zachifundo, amayang'anira ndi a Indiana Gaming Commission, muyambe mwaona malamulo awo musanasindikize matikiti.

Tsopano ku nkhani yomwe mwati ikukuwawaniyo, ndipo kwa ine imeneyi ndiye yaikulu. Taganizani mmene dinner dance imakhalira. Aliyense amafika nkukhala pa tebulo la anthu omwe anabwera nawo pa galimoto, kutsogolo kuli high table, masipichi maola awiri, kenako DJ akweza nyimbo moti olo wa pambali panu simukumumva. Mwakhala mu holo imodzi usiku onse koma palibe watsopano yemwe mwayankhula naye. Bowling inapangidwa mwina. Munthu amadzuka, kuponya kawiri, mphindi imodzi siyikwana, nkubwerera pa benchi kukadikira anzake 4 aponye. Nthawi yambiri mumakhala muli phee pa kabenchi kopanikizana, mulibe kothawira, ndipo nkhani yoyambira ilipo kale poti nonse mwaona mpira wa abambo aja ukulowa mu ngalande ya m'mbali mwa leni. Palibe high table, aliyense wavala nsapato zobwereka zonyansa zomwe zija, adokotala ndi mtsikana wobwera mwezi watha chimodzimodzi. Ndinaonapo bambo wina wolemekezeka, wa mtundu woti pa miting'i sayankhulidwa kawiri, ataponya mpira unangoyenda pang'onopang'ono ngati ukuganiza, nkukagwetsa pini imodzi yokha ya kumapeto, iye kutembenuka manja m'mwamba ngati wagoletsa ku Kamuzu Stadium, ndipo amene anayamba kumuombera m'manja ndi mayi yemwe anali asakuyankhulana naye chifukwa cha nkhani za masankho a komiti. Sindikunena kuti anakhululukirana pomwepo ayi, koma anaseka limodzi, zomwe pa WhatsApp sizikanatheka.

Ndipo ana anu obadwira konkowo, omwe pa dinner dance amangokhala pakona ndi foni, apa ndiye kwawo. Iwo bowling anaidziwira ku ma birthday party a anzawo, nde ndi iwowo amene aziphunzitsa makolo kagwiridwe ka mpira. Ang'onoang'ono amawakwezera tizitsulo ta m'mbali kuti mpira usagwere mu ngalande. Musawaike pa leni yawoyawo kumapeto, asakanizeni ndi akuluakulu.

Pali mphunzitsi wa ku Harvard, Robert Putnam, yemwe mu 1995 analemba nkhani kenako mu 2000 buku lotchedwa Bowling Alone, lokamba za mmene anthu a ku America anasiyira kusonkhana m'magulu. Anapeza kuti pakati pa 1980 ndi 1993 anthu osewera bowling anachuluka ndi 10 peresenti koma osewera m'ma league anachepa ndi 40 peresenti. Masewera anthu sanasiye, chomwe anasiya ndi kukumana ndi nkhope zomwezomwezo sabata ndi sabata, anthu oti sunawasankhe wekha, mpaka kudziwa kuti uyu mkazi wake akudwala, uyu ntchito yamuthera. Iyeyo amasiyanitsanso kugwirizana kwa anthu ofanana kale ndi kugwirizana kolumikiza magulu osiyana, ndipo kwanuko chomwe chikusowa ndi chachiwirichi. A tchalitchi chimodzi amadziwana kale, ochokera boma limodzi amadziwana kale, a chipani chimodzi nawo ali ndi kagulupu kawo kamseri.

Nde apa pali msampha. Makaputeni aja, aliyense adzaitana anzake omwe amadya nawo nsima kale, ndipo mukazisiya choncho mudzangosamutsira matebulo a dinner dance ku maleni. Chitani chonchi, gemu yoyamba aliyense asewere ndi timu yomwe anasonkha nayo ndalama, imeneyo ndi ulemu kwa kaputeni. Gemu yachiwiri maina onse mu chipewa, mwana atole, aliyense apite komwe dzina lake lagwera, popanda kudandaula, tcheyamani ndi mkazi wake yemwe. Kudzakhala kung'ung'udza mphindi zoyamba, musamvere. Gemu imodzi ya anthu 5 imatenga pafupifupi ola, nde maola awiri ndi theka akukwanirani. Masipichi mphindi 5, munthu mmodzi anene ndalama zapezeka zingati ndipo zikupita kuti, pemphero, basi. Mlendo wolemekezeka ngati mukumufuna avale nsapato aponye nawo. Mphoto zikhale zoseketsa, wopempha ndalama zambiri alandire yaikulu, wogwetsa mapini ochepa kuposa onse naye alandire kake, akatswiri asatenge zonse. Zithunzi muzipempha kaye musanaike pa Facebook, si onse amene amafuna nkhope yawo izioneka paliponse ndipo zifukwa zawo si za komiti.

Koma ndisakunamizeni, tsiku limodzi silingakonze zomwe zinaonongeka zaka zambiri. Anthu asanavule nsapato lengezani tsiku lina, mwina Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, lopanda fomu, lopanda kupempha, aliyense kulipira yekha, obwera abwere olo akhale 8. Pamenepo mpamene pamamera chibale, poti anthu akamangoitanidwa nthawi yofuna ndalama yokha amadziwa. Ndipo sabata isanathe ikani lipoti pa gulupu, zalowa zingati, zatuluka zingati, malisiti ajambulidwe. Ndalama zilowe ku akaunti ya bungwe ya osainira awiri, osati pa Zelle ya pafoni ya msungichuma, olo akhale woyera mtima bwanji. Mikangano yambiri ya m'mabungwe athu kunjaku imayambira pa funso loti ndalama zija zinapita kuti, nde mukaliyankha lisanafunsidwe mwazimitsa moto waukulu.

Azibambo aja onena kuti ndi za azungu mukawauzeko kuti American Bowling Congress, bungwe lalikulu la bowling nthawi imeneyo, inkakaniza anthu akuda kukhala mamembala mpaka 1950, ndipo anthu akuda sanakhale pansi, anayambitsa bungwe lawo la bowling mu 1939 ku Detroit, ku Michigan koyandikana nanu komweko, lomwe lero limatchedwa The National Bowling Association. Anthu anachita kulimbana kuti aloledwe pa maleni amenewo.

Achemwali, ife ndi amayi a tchalitchi kuno ku Leicester, tchalitchi chathu ndi cholembetsedwa ngati charity. Tikufuna kupanga bowling kuti tipeze ndalama ya food bank yathu, komwe timagawira osowa chakudya. Kodi matikiti tingaikepo Gift Aid? Nanga raffle ikufunika laisensi? Komanso amayi ena akukana akuti malo amenewa muli bala.
NaBanda, Leicester

Mayi, pa matikiti ayi. Pa Gift Aid boma limaonjezera charity 25p pa £1 iliyonse yoperekedwa, koma pa mphatso yeniyeni yokha, pomwe munthu wapereka osagula kanthu. Tikiti yolowera ndi kugula, tikiti ya raffle nayonso ndi kugula, ziwirizi a HMRC, otolera misonkho ku UK, salola. Pomwe Gift Aid imagwira ndi pa ndalama ya fomu ija ndafotokozera a ku South Bend, nde wosewera aliyense alipire yekha mtengo wonse wa masewera, za pa fomu zikhale padera zipite zonse ku food bank. Wopereka akhale woti amalipira msonkho ku UK wokwanira, alembe dzina lonse, nambala ya nyumba ndi postcode, achonge bokosi la Gift Aid yekha, musamulembere. Kapena tsegulani peji pa webusaiti yosonkhetsera ndalama ya JustGiving m'dzina la tchalitchi, iwo amatolera okha Gift Aid yo.

Raffle ngati matikiti mukugulitsa pamalo pomwepo nthawi ya mwambowo sifunika laisensi, kungoti pa ndalama zomwe zalowa simungachotsepo kuposa £500 yogulira mphoto ndi £100 ya zolipira zina, nde bwino mphotozo mupemphe kwa anthu. Mukafuna kugulitsa masiku a m'mbuyo kutchalitchi ndi kuntchito, muyambe mwalembetsa ku khonsolo ngati small society lottery, ndi £40 poyamba kenako £20 pa chaka.

Za bala, ilipodi m'malo ambiri, Hollywood Bowl, Tenpin ndi ena, sindikana. Koma pitani Loweruka m'mawa mukaone, mwadzadza ana ndi mabaluni a birthday. Bukani nthawi imeneyo, pemphani maleni oyandikana kutali ndi bala, phukusi lanu likhale la zakumwa zozizilitsa kukhosi basi. Amene mtima wawo sukulolabe musawakakamize kapena kuwanena, apatseni fomu apemphe nawo ndalama, aphike za kutchalitchi Lamulungu lotsatira polengeza zomwe zapezeka.

Achemwali, ndine bambo wa zaka 58 kuno ku Dallas. Kuntchito andilemba pa timu ya Bowl for Kids' Sake, ndalama ndapempha kale zakwana, koma chibadwire sindinagwirepo mpira wa bowling ndipo msana umandivuta. Ndikuopa kukachita manyazi pamaso pa ana ang'onoang'ono omwe ndimawayang'anira. Ndingonamizira kudwala?
Bambo wa ku Dallas

Bambo, musanamizire, gawo lovuta mwathana nalo kale, ndipo pa tsiku ngati limenelo theka la anthu amaponya mu ngalande, palibe amene adzakumbukire mapointi anu. Ana mumawayang'anirawo akakuonani mukuphonya nkumaseka nokha, Lolemba adzakupatsani moni wina.

Masewerawo ndi osavuta. Kumapeto kwa leni, mamita 18 kuchokera pa mzere woponyera, kwaima mapini 10. Gemu ili ndi magawo 10, gawo lililonse muli ndi mwayi woponya kawiri. Mukagwetsa onse ndi mpira woyamba imeneyo ndi strike, mumapeza 10 kuphatikiza zomwe mugwetse pa mipira iwiri yotsatira. Mukawamaliza ndi mpira wachiwiri ndi spare, 10 kuphatikiza mpira umodzi wotsatira. Mapointi apamwamba kwambiri ndi 300, ma strike 12 ondondozana poti gawo lomaliza limalola mipira yoonjezera, zimenezo zisiyireni eni ake. Kuwerengera imapanga ndi kompyuta, inu musavutike.

Kulemera kwa mipira kumayambira mapaundi 6 kufika 16, nambala imalembedwa pa mpira pomwepo. Azibambo ambiri amathamangira wa 16 kuti aoneke amphamvu, inu ndi msana wanuwo tengani wa 10 kapena kutsika, bola mabowo akukwanani, chala chachikulu chizilowa ndi kutuluka mosakakamira. Mumalowetsa chachikulu, chapakati ndi chovala mphete. Ponyamula gwirani ndi manja awiri m'mbali mwake, osati kutsogolo komwe mipira ina ikutulukira, ingakuphwanyeni zala. Simukufunika kuthamanga kapena mphamvu, yendani masitepe 4 modekha, dzanja lilendewere lokha, mpira muusiye pansi osati kuuponya m'mwamba. Musayang'ane mapini, yang'anani timivi tojambulidwa pa leni pafupi nanu, ngati mumagwiritsa dzanja lamanja lunjikani kachiwiri kuchokera kumanja. Msana ukayamba kuyankhula pemphani kachitsulo kotsetsereka komwe amaikapo mpira nkungoukankha, malo ambiri ali nako ndipo si ka ana okha.

Tengani masokosi, nsapato ndi zobwereka. Mzere wakuda uja musaudumphe, kuseri kwake anathira mafuta ndipo mukapondapo mudzapezeka chagada. Mukapita kuchimbudzi samalani musaponde madzi ndi nsapatozo, pansi pake pakanyowa zimakakamira pansi nthawi yoponya, anthu amagwa chafufumimba. Ndipo wa leni ya kumanja kwanu akakhala kuti wakonzeka kale, mudikireni aponye kaye.